Ma app otumizira ndalama kumudzi, zimene ndaona ine nditayesa angapo

Anzanga amene muli kunja ngati ine, nkhani iyi ndakhala ndikufuna kuilemba kalekale chifukwa sabata sitha osabwera wina wongofika kumene kudzandifunsa kuti achimwene kodi inu mumatumiza bwanji ndalama kunyumba, app yabwino ndi iti. Nde ndati bola ndingolemba kamodzi basi. Ine ndakhala ku South Africa kuno zaka ndithu, ndinayamba nthawi ija tinkapatsira ndalama adalaivala a basi mu envulopu, iwe n'kutsala kuno mtima uli m'mwamba masiku atatu osadziwa ngati ifike yonse kapena ifike itaonda. Lero ndimatumiza ndili pa bedi ndipo ndisanaike foni pansi mlongo wanga wayankha kale kuti yalowa.

Poyamba ndinene chimene chinasintha kwenikweni, chifukwa ambiri timangodina osadziwa kuti kuseri kukuchitika chani. Kutumiza kwa banki ndi banki kuja kumadutsa pa SWIFT, yomwe inakhazikitsidwa mu 1973 ku Belgium, ndipo SWIFT yo sinyamula ndalama ayi, imangotumiza uthenga, ndalamayo imayenda kudzera m'mabanki apakati ndipo aliyense akaigwira amadulako kake, n'chifukwa chake inkatenga masiku komanso kufika yoperewera. Ma app awa anazemba njira imeneyo. Kampaniyo imakhala ili kale ndi makwacha ake mbali inayo, nde ukalipira ma randi kuno, kompyuta yawo imangolankhula ndi kompyuta ya Airtel Money kapena TNM Mpamba kuti nambala yakutiyakuti muipatse zakuti, zimene anthu a makompyuta amati API. Ndalama yako yeniyeniyo sinawoloke malire nthawi imeneyo, iwo amadzawerengerana okha pambuyo pake. Zonsezi zinatheka chifukwa cha ndalama za pa foni, zimene anatchukitsa a Safaricom ku Kenya ndi M-Pesa imene inayamba mu 2007, kwathu Airtel Money n'kubwera mu 2012, Mpamba mu 2013.

Tsopano ma app amene. Mukuru ndi imene ambiri tinayambira ndipo ine ndimaikondabe pa chifukwa chimodzi, sikukakamiza kukhala ndi foni yapamwamba. Oda utha kupanga pa WhatsApp kapena pa USSD, zija zoyimba nyenyezi ndi manambala, amakupatsa nambala ya oda nkukalipira kesh pa till m'sitolo. Wolandira naye akafuna kesh m'manja amakatenga ku tinyumba tawo ta olenji tija. Kwa munthu amene amalandira malipiro pamanja ndipo alibe akaunti ku banki, izi ndi zothandiza kwambiri. Hello Paisa ndi Mama Money nazo zimayenda mofananako, kulembetsa ndi pa foni, umajambula pasipoti, nkudzijambula nkhope wekha, makina nkufananiza ziwirizo. Musamakwiye akamafunsa mapepala, ndi lamulo la FICA la mu 2001 limene limawakakamiza kudziwa kasitomala wawo, ndipo ukafuna kutumiza zambiri pa mwezi amafunanso mapepala owonjezera. Anzathu a ku UK ndi mayiko ena ambiri amatchula WorldRemit, imene anayambitsa Ismail Ahmed ku London mu 2010, iyeyonso munthu wobwera ngati ife tomwe, wochokera ku Somaliland. Western Union ilipobe, yakalekale, inayamba kutumiza ndalama pa telegalafu mu 1871, pano nayo ili ndi app yake.

Koma apa nde pagona nkhani, ndipo ndikhalitsapo pang'ono. Ambiri tikamasankha app timayang'ana chaji. Wina akalemba zilembo zikuluzikulu kuti kutumiza ulere, tonse chigulugulu komweko. Abale, palibe kampani imene imagwira ntchito yaulere, ikapanda kukudula pa chaji ikudula pa reti. Ikhoza kukuuza kuti chaji ndi ziro koma pa randi iliyonse ikukupatsa makwacha ocheperako, ndipo pa ndalama yayikulu kusiyana kumeneko kumaposa chaji imene unkaithawayo. Ine zinanditengera zaka kuti ndizindikire, manyazi ndithu. Chimene ndimachita pano n'chophweka, ndimatsegula ma app atatu nthawi imodzi, ndimalemba ndalama imodzimodzi yonse imene ituluke m'thumba mwanga pamodzi ndi chaji, nkuyang'ana mzere umodzi wokha, uja wonena kuti wolandira alandira zingati. Amene wapereka zambiri tsiku limenelo ndi amene wapambana. Ndipo ndikuti tsiku limenelo chifukwa amasinthana, amene anali pamwamba mwezi watha lero atha kukhala pansi, nde zokhala wokhulupirika ku app imodzi ngati ndi mpingo ine ayi.

Pa nkhani ya reti yomweyi ndiyamikeko Wise, imene inayamba mu 2011 ikutchedwa TransferWise. Iwo ndi amene anatchukitsa kachitidwe koonetsa reti yeniyeni ya pamsika payokha, chaji payokha, munthu uone wekha chimene akudula. Ngakhale musaigwiritse ntchito, chizolowezi chakecho tengani, fufuzani reti ya tsikulo pa Google nkuifananiza ndi imene app ikukupatsani. A United Nations anaika cholinga choti pofika 2030 mtengo wotumizira ndalama kwa anthu ngati ife usapitirire 3 pa 100 iliyonse, koma ziwerengero za World Bank zakhala zikuzungulira cha pa 6, ndipo South Africa imatchulidwa kawirikawiri kuti ndi dziko lodula kwambiri kutumiza ndalama mwa mayiko a G20, gulu lija la mayiko a chuma chachikulu. Nde mukaona ngati mukudulidwa kwambiri simukulota ayi.

Ndikudziwa ena muti nanga bwanji anyamata aja a m'magulu a WhatsApp amene amapereka reti yonona kuposa ma app onse. Eee alipo, makamaka chigwereni kwacha ndi 44 pa 100 mu Novembala 2023 reti ya ku banki ndi ya pamsewu zinatalikirana. Ena akugwiritsa ntchito USDT, ndalama ya pa intaneti ija amati kripto, yomangiriridwa ku dola. Ine sindiweruza munthu, koma dziwani kuti kumeneko kulibe lisiti, kulibe kokadandaula, ndipo Reserve Bank of Malawi inanenapo kale kuti kripto si ndalama yovomerezeka m'dziko. Munthu akakuchita block basi yapita, ulira wekha.

Ndikuuzeni zimene zinandichitikira ine ndi app ina, dzina sindiitchula. Mayi anadwala usiku, mlongo wanga akuimba kuti pakufunika ndalama ya galimoto pompano. Ndinatumiza, ndalama inatuluka mu akaunti yanga, koma uko zii. Pa sikirini pangolembedwa kuti tikuunika. Ndinapita pa chat yawo kuti ndifunse, ondiyankha ndi loboti, ndikalemba kuti ndalama yanga ili kuti imandiyankha kuti sankhani 1, 2 kapena 3, ndasankha 3 yandibwezanso pachiyambi, kanayi konse, ine thukuta kamukamu pakati pa usiku foni ili pa 9 peresenti. Munthu weniweni ndinamupeza m'mawa, nde akundiuza kuti dzina limene ndinalemba silikugwirizana ndi dzina limene nambalayo inalembetsedwa. Zoona, layiniyo mlongo wanga analembetsa ndi chiphaso cha amuna awo, ine osadziwa. Kale kalaliki wa pa kauntala ukanamufotokozera akanamva, koma makina sadziwa za mlamu, akaona mayina awiri osiyana amangoimitsa. Usiku umenewo anatithandiza ndi aneba, ndalama yanga inabwerera patapita masiku. Chiyambireni pamenepo ndisanatumize kwa munthu watsopano ndimamufunsa kaye kuti nambalayi ikutuluka dzina lanji, ndipo ndimalemba ndendende mmene lilili pa chiphaso, ngakhale chilembo chimodzi osasintha.

China chimene tekinoloje yabweretsa ndi choti nambala yako ya foni ndiye yasanduka kiyi wa banki. Ka OTP kaja, manambala amene amabwera pa SMS, ndi kamene kamatsegula chilichonse. Akuba anazindikira zimenezi nde pali chinyengo cha SIM swap, amapita ku kampani ya foni kukanamizira kuti ndi iwe foni yatayika, amawapatsa SIM yatsopano ya nambala yako, yako ija imangofa netiweki, ma OTP onse nkumapita kwa iwo. Foni ikangoti zii netiweki kwa nthawi yaitali pamene anzako ili bwinobwino, osangoti zibwerera zokha, imbirani banki ndi kampani ya foni pa foni ya mnzanu. Ndipo palibe wa ku banki kapena wa app amene angakuimbireni kufunsa PIN kapena OTP, akafunsa dulani. Ma link a pa Facebook onena kuti dinani apa mulandire bonasi, ena amapanga tsamba lofanana ndendende ndi la kampani yeniyeni mpaka mitundu yomwe, app tengani ku Play Store kapena App Store basi. Akumudzinso auzeni za mauthenga aja oti ndatumiza molakwika ndibwezereni, ayambe aona balansi asanabweze kanthu.

Mabanki a kuno nawo akuthamanga, osati masewera. TymeBank inayamba mu 2019 yopanda nthambi ngakhale imodzi, PayShap inabwera mu Malichi 2023 yoti utumizire munthu wa banki ina pompopompo pogwiritsa ntchito nambala ya foni. Izi ndi za mkati mwa dziko lino, koma zimathandiza mukamasonkherana ndalama ndi anzanu kuti mmodzi atumize pamodzi.

Mbali ya wolandirayo musaiwale, chifukwa kulowa mu foni si kufika m'manja. Potapa kwa ejenti amadulanso, nde ngati munthu akufunika ndalama yokwana ndendende, onjezerani ya kutapira pamwamba, apo bii akaperewera pa kauntala nkuyambanso kukuflashani. Komanso ejenti wa kumudzi nthawi zina amakhala alibe kesh yokwanira, amati bwerani mawa, ndipo ma akaunti a pa foni ali ndi malire a ndalama imene angasunge. Ine pano zing'onozing'ono za mwezi ndi mwezi ndimaponya pa foni, zikuluzikulu ngati za fizi ndimatumiza ku akaunti ya banki kapena zokatenga kesh ndi chiphaso, ndipo lisiti lililonse ndimalijambula sikirinishoti nkulisunga mpaka uko atanena kuti yatapidwa.