Senti yanga ya 1955 yabwerako: ndi yeniyeni, koma inatsukidwapo

Ndikupereka nyenyezi zinayi mwa zisanu kwa kampani imene inayeza khobidi langa. Khobidi langa lafika sabata yatha litatsekeredwa m'kabokosi kolimba ka pulasitiki kamene osonkhanitsa makobidi amati slab, ndipo papepala la pamwamba pake palembedwa zinthu ziwiri. Chimodzi chinandikhazika mtima pansi, china chinandipweteka. Ndalemba izi poganizira munthu amene ali ndi khobidi lomwe akulikayikira ndipo akufuna kudziwa ngati kulipira akatswiri kuti aliyeze n'kwanzeru.

Khobidi lake ndi senti ya ku America ya 1955, ya nkhope ya pulezidenti Abraham Lincoln kutsogolo ndi ngala za tirigu kumbuyo, mtundu umene umadziwika kuti doubled die. Zilembo zake zimaoneka pawiri moti safuna n'galasi lomwe: chaka cha 1955, mawu a LIBERTY ndi a IN GOD WE TRUST, zonse zili ngati maso ako ndi amene akuona zinthu ziwiriziwiri. Vuto linachitikira kunyumba yosulira ndalama ku Philadelphia. Masiku amenewo chidindo chachitsulo chomenyera makobidi chinkadindidwa kangapo ndi chidindo china chachikulu kuti chithunzi chilowe bwino. Pa chidindo chimodzi, ulendo wachiwiri sunagwere ndendende pamene panagwera woyamba, chinatembenuka pang'ono. Khobidi lililonse lomenyedwa ndi chidindo chimenecho linatenga chilema chomwecho. Akuti amene anatuluka n'kulowa m'manja mwa anthu anali pakati pa 20,000 ndi 24,000, ndipo ambiri anapezeka ku Massachusetts ndi madera oyandikana nako, ena ali m'mapaketi a ndudu. Paketi inali masenti 23, makina ogulitsira ankalandira khobidi la masenti 25, choncho chenji cha masenti awiri ankachilowetseratu m'pepala lokutira paketiyo. Nkhani imeneyi ndi imene inandikopa zaka zambiri zapitazo, khobidilo ndisanaligwire n'komwe.

Langa ndinaligula kwa bambo wina wachikulire amene ankagulitsa zonse zimene anasonkhanitsa pa moyo wawo. Linali m'kaenvulopu ka pepala, lopanda chikalata chilichonse. Iwo sanandinamize kanthu, anangoti, "Mwana wanga, ine ndinaligula kalekale ndipo sindinalitumizepo kulikonse." Koma senti imeneyi ili m'gulu la makobidi amene achinyengo amakonda kupanga, ndiye mawu a munthu wokhulupirika sathetsa nkhani, chifukwa nayenso akhoza kukhala kuti anapusitsidwa.

Ndisanatumize ndinayesa ndekha zimene ndikanatha. Pasikelo linalemera magalamu 3.11, monga iyenera kulemerera senti yamkuwa ya nthawi imeneyo. Ndi galasi lokuza zinthu ka 10 ndinayang'ana zilembo chimodzichimodzi. Apa m'pamene anthu ambiri amasokonezeka. Pali kuwirikiza kwina kumene kumachitika makina akagwedera pomenya khobidi, ndipo kumaoneka kophwatalala ngati kasitepe kosemedwa m'mbali mwa chilembo. Kumeneko sikuwonjezera mtengo. Palinso masenti ena a 1955 amene nambala 5 yomaliza imaoneka yopakika chifukwa chidindo chinali chitatha, amene amawatcha poor man's doubled die, ndipo awa ndi ambirimbiri. Pa lenileni, zilembo zonse ziwiri zimakhala zotukuka, zoburungira, zosiyana bwinobwino. Chizindikiro china chili kumbuyo: timizere tiwiri tating'ono totsika kuchokera kudzanja lamanzere la chilembo T pa mawu a CENT. Ndinatisaka usiku wathunthu. Ndinationa nditapendeketsa nyale ya patebulo mpaka kuwala kukudutsa chogona pamwamba pa khobidi, ndipo manja anga ananjenjemera. Komabe m'mawa mwake maganizo anabwerera: zimene ndawerenga ine, wopanga makobidi abodza nayenso anawerenga.

Ntchito yoyeza makobidi mwaukatswiri siinayambe dzulo. Mwa mabungwe oyeza makobidi ku America, ANACS inayamba mu 1972 ndi cholinga chosiyanitsa enieni ndi abodza, PCGS inabwera mu 1986, NGC mu 1987. Kampani imene ndinasankha ine sindiitchula, chifukwa zimene ndinakumana nazo ndi za ulendo umodzi wokha.

Kutumiza kwake kuli ndi ndondomeko yofunika kuwerenga modekha. Umayenera kukhala membala kaye, kenako kudzaza fomu pa intaneti. Pafomupo umalemba mtengo umene ukuganiza kuti khobidi lako lingagulidwe, ndipo mtengo umenewo ndi umene umasonyeza gulu la malipiro ako komanso inshulansi yake pobwerera. Chinthu chimene ndikufuna aliyense achigwire ndi ichi: kutsimikizira mtundu wapadera wa khobidi nthawi zambiri kumakhala ndi kabokosi kake kochonga pafomu ndi malipiro ake apadera. Makobidi otchuka kwambiri ena amawazindikira popanda kuwapempha, koma pa mitundu yosadziwika bwino, ukapanda kuchonga likhoza kubwera litalembedwa chaka ndi giredi basi, ngati khobidi wamba. Ine ndinachonga, ndipo pa slab pali DDO, kutanthauza doubled die ya mbali yakutsogolo, ndi FS-101, nambala imene osonkhanitsa makobidi amadziwira mtundu umenewu. Khobidi amati uliike m'kathumba ka pulasitiki kopanda PVC, chifukwa PVC imasiya utoto wobiriwira womata umene umadya chitsulo. Osamenya sitepulo. Ndinalipanikiza pakati pa timakatoni tiwiri, n'kumanga ndi labala, n'kutumiza pa positi yolembetsa yokhala ndi inshulansi. Malangizo awo pa zonsezi anali omveka, ndipo phukusi litafika anandidziwitsa tsiku lomwelo.

Kudikira ndiye kunanditopetsa. Zinatenga milungu 7, kupitirira nthawi imene ankasonyeza pamene ndinkatumiza. Kwa milungu itatu tsamba loonerapo mmene ntchito ikuyendera silinasinthe ngakhale liwu limodzi. Nditawalembera anandiyankha mwaulemu, koma yankho lake linali lija amatumizira aliyense. Munthu ukapereka chinthu chimene unachisungira ndalama nthawi yaitali, mawu awiri okha onena kuti chili pati amathandiza kwambiri.

Tsopano zotsatira. Pa slab palembedwa kuti AU Details, ndipo pansi pake liwu limodzi: Cleaned, kutanthauza kuti linatsukidwa.

Kwa amene sanazolowere, makobidi amapatsidwa giredi kuyambira 1 mpaka 70, muyeso umene William Sheldon anayambitsa mu 1949. Kuyambira 60 kupita m'mwamba ndi makobidi amene sanayendepo m'manja mwa anthu. AU ndi pakati pa 50 ndi 58, kutanthauza kuti linayenda pang'ono chabe, langoperepeseka pamalo otukuka monga patsaya ndi pachibwano pa Lincoln. Ine ndinkayembekezera 53 kapena 55. Koma khobidi likakhala kuti linatsukidwa, kukandika kapena kukonzedwa, salipatsa nambala. Amangotsimikiza kuti ndi lenileni, n'kunena msinkhu umene likanakhala, n'kutchula vuto lake. Pamsika, khobidi la Details limatsika mtengo poyerekeza ndi linzake la nambala.

Tsiku loyamba sindinavomereze. Ndinali nditaliyang'ana khobidi limeneli kambirimbiri osaona cholakwika. Tsiku lachiwiri ndinazimitsa magetsi onse m'chipinda, n'kuyatsa nyale imodzi yokha, n'kumalitembenuza pang'onopang'ono. Pamalo osalala kutsogolo kwa nkhope ya Lincoln panatulukira timizere topyapyala ngati tsitsi, tambiri, tonse tolowera mbali imodzi. Ndi mapazi a nsalu. Munthu wina, mwina zaka 40 kapena 50 zapitazo, analipukuta kuti liwale, ndipo ayenera kuti ankaganiza kuti akulichitira zabwino. Nditaliika pambali pa senti ina ya zaka zomwezo, ndinaonanso kuti mtundu wake ndi wotuwa mofiirira, osati wa chokoleti umene mkuwa umatenga ukakalamba wokha. Akatswiri aja anaona m'kanthawi kochepa chimene ine sindinachione chaka chonse, chifukwa maso anga onse anali pa zilembo zowirikiza. Pamenepa ndiwagonjera.

Nyenyezi imodzi ndachotsayo ndi ya kudikira kuja komanso ya liwu limodzi limeneli. Liwu lakuti Cleaned silikuuza kuti aona chiyani, pati. Chiganizo chimodzi chokha chikanandipulumutsa kumasiku awiri okhumudwa, ndiponso chikanandiphunzitsa. Munthu amene wangoyamba kumene akhoza kuganiza kuti amubera.

Slab yeniyeniyo ndi yabwino. Ndi yomatidwa mbali zonse moti sungaitsegule osaiphwanya, pulasitiki yake ndi yoonekera bwino, khobidi lakhala chilili osagwedera. Pali nambala ya chikalata imene ukailemba patsamba lawo imatulutsa zonse za khobidilo pamodzi ndi zithunzi za mbali zonse ziwiri. Zithunzizo ndi zofunika kuposa mmene ndinkaganizira, chifukwa masiku ano achinyengo amapanganso ma slab abodza n'kukopera nambala yeniyeni. Wogula wosamala amayerekeza kabanga kalikonse pa chithunzi ndi khobidi limene lili m'manja mwake. Langa lili ndi kachipsera kakang'ono pafupi ndi mkombero pansi pa chaka, ndipo pachithunzi kakuoneka. Chimene ndataya ndi kuligwira. Ndinkakonda kulinyamula m'mbali ndi zala ziwiri n'kumva kulemera kwake, ndipo zimenezo zatha.

Kodi ndingatumizenso? Khobidi ngati ili, inde, mosakayika. Koma si lililonse. Ukaphatikiza umembala, malipiro oyezera, otsimikizira mtundu, positi ndi inshulansi ya mbali zonse ziwiri, khobidi wamba limadyedwa ndi ndalama zoliyezera. Ndinali nditakonza masenti ena anayi oti apite limodzi, koma nditawerengera ndinawabweza m'buku lawo.

Mnzanga wina wandiuza kuti ndiphwanye slab n'kutumiza kukampani ina, mwina kumeneko lingapeze nambala. Anthu amachita zimenezo, koma ine sinditero, chifukwa timizere tija ndationa ndi maso anga. Ndinawaimbira foni bambo aja anandigulitsa kuwauza kuti khobidi lawo latsimikizika kuti ndi lenileni. Anakhala chete kanthawi, kenako anandipempha kuti ndiwawerengere zonse zolembedwa pa slab, pang'onopang'ono, kuti azilembe m'kabuku kawo.