Zimbale za Welcome to Zamrock! ndinagulira bambo, koma akulimbirana ndi mdzukulu wawo

Bambo anga ndi mkulu wa mpingo, munthu wa jekete ndi Baibulo m'khwapa, woti wailesi ikangokwera pang'ono amafunsa ngati m'nyumbamo muli wogontha. Koma munthu yemweyu anakulira ku Kitwe, ku Zambia, kumene agogo ankagwira ntchito kumigodi ya kopa, ndipo m'sutikesi ya mayi muli chithunzi china chimene safuna kuti adzukulu achione: tsitsi lili njoo ngati chisa, thalauzi lotambalala kumapazi, nsapato za zidendene ngati njerwa. Amati akamabwera kudzaona abale ku Mchinji ankayamba ameta kaye ku Chipata, chifukwa malamulo a Kamuzu sankalola mwamuna kusunga tsitsi lalitali, ndipo thalauzi lija linkatsala kutsidya.

N'chifukwa chake mphwanga atafunsa zoti abweretse kuchokera ku Johannesburg, ndinamutuma zimbale ziwiri za Welcome to Zamrock!, zimene kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles inatulutsa mu 2017. Muli nyimbo za rock za magulu a ku Zambia a pakati pa 1972 ndi 1977: WITCH, Ngozi Family, Amanaz, Musi-O-Tunya ndi ena ambiri oti ine sindinawamvepo. CD iliyonse ili m'kati mwa buku la chikuto cholimba, lodzaza zithunzi ndi mbiri ya oimbawo.

Zitafika, tinasaka choimbira CD nyumba yonse, osachipeza. Ndani akusunganso zimenezo masiku ano? Tinapulumukira kugalimoto yakale ya amuna anga, yomwe ili pamiyala pansi pa mtengo wa mango koma batire ndi wailesi zikadali moyo. Bambo anakhala kutsogolo, ine pampando wa dalaivala, zitseko zili pululu.

Gitala wake ndi wosasa mawu dala, ngati mavu atsekeredwa m'chitini, ndipo ng'oma zake zimachita kukugunda pachifuwa. Mumamva kuti zina anazijambula mothamanga, ndi zipangizo zochepa, woimba nthawi zina n'kumira pansi pa magitala. Ine zimenezo sizinandidandaulitse, zikanasalala kwambiri zikanatha mchere. Si nyimbo zonse zabwino, ndinene zoona. Zingapo zachingerezi zimangoonekeratu kuti anyamata ankatengera Jimi Hendrix ndi Rolling Stones, mawu ake n'kukhala achibwana. Zokoma zenizeni ndi zimene amasiya kuyang'ana kunja, n'kuimba m'Chinyanja kapena m'Chibemba, ng'oma n'kubwerera kumudzi gitala akadali kulira chizungu.

Ndinkayembekeza kuti bambo aseka, mwina n'kutivinira pang'ono. Phazi lokha ndi limene linkagunda pansi. Anatsegula buku, n'kuvala magalasi, n'kuyamba kuloza zithunzi ndi chala. "Uyu anapita. Uyunso anapita. Awa onse anayi kulibe." Anawerenga choncho tsamba ndi tsamba, ngati mmene amaitanira maina pamsonkhano wa mpingo. Paul Ngozi, mtsogoleri wa Ngozi Family, anamwalira mu 1989. Mwa anyamata amene anayambitsa WITCH, watsala ndi Emmanuel Chanda yekha, uja ankamutcha Jagari potengera dzina la Mick Jagger wa Rolling Stones. Ambiri anawatenga ndi Edzi, imene bambo mpaka lero amangoti "matenda aja". Ndipo nyimbozo zinali zitayamba kale kufooka matendawo asanafike. Kaunda atalamula kuti 95 peresenti ya nyimbo za pa wailesi zikhale za ku Zambia komweko, magulu anaphuka ngati bowa, ndipo kampani ya Teal ku Ndola inkadinda zimbale osapuma. Kenako mtengo wa kopa unagwa, anthu anasiya kugula zimbale n'kumasaka ufa, boma linaletsa kuyenda usiku pa nthawi ya nkhondo ya ku Rhodesia, ndipo disiko ndi kalindula zinadzamaliza zotsala.

Apa m'pamene ndinaona kuti ndagula chinthu china, osati chimene ndinkaganiza. Oimba a m'zimbalemu ndi anyamata a zaka 20 ndi kamphindi, akukuwa za atsikana ndi njala ya m'tauni, ndipo adzakhala a msinkhu womwewo mpaka CD idzakalike. Wakumverayo ndi amene ali ndi mapiritsi a BP m'thumba la jekete.

Mwana wanga wamwamuna, wa Fomu 3, anabwera kudzasuzumira pawindo, n'kuona dzina la Ngozi Family pachikuto. "Agogo, awatu ndi amene Tyler anatenga nyimbo yawo!" Amanena Tyler, the Creator, woimba wa ku America amene mu 2024 anadula kachigawo ka nyimbo ya gululi, mawu a Chinyanja ali momwemo, n'kuika m'nyimbo yake. Bambo anamuyang'ana pamwamba pa magalasi. "Tayila wake uti, achimwene? Ameneyu ndi Paul Ngozi. Ndinamuona ndi maso angawa akuimba gitala ndi mano." Mnyamata analowa kumbuyo, n'kutambasula dzanja kuti akweze. Ine ndinali n'takonzeka kumukalipira. Bambo anati, "Msiye, mwanawe. Akwezenso. Khutu ili silikumvanso bwino."

Kuyambira tsiku limenelo galimoto yakufa ija yasanduka bwalo lawo awiriwo. Wina amamvera za mafashoni zimene anzake kusukulu sanazitulukire, wina amamvera maliro amene sanakhale nawo, ndipo sakangana pa china chilichonse kupatula yoti abwereze.

Za mtengo, n'zowawa ndithu mukazitembenuzira ku makwacha. Zikuoneka kuti zimagulidwa kwambiri ndi osunga zimbale a ku Ulaya ndi ku America, pamene amene anavina nyimbozi ku Mindolo Dam, ku Kitwe, ambiri akudikira penshoni. Sindikuimba mlandu amene anazitulutsa, pakuti popanda iwo zambiri zikanangowolera m'masutikesi. Ngati mukungofuna kumva, zilipo pa YouTube ndi Spotify, sungani ndalama zanu. Chogulira ndi bukulo, makamaka ngati muli ndi kholo limene linakhalako ku Copperbelt. Lili m'Chingerezi chokhachokha, ndipo bambo maso akatopa ndimawawerengera ndine, iwo n'kumandidula pakamwa kuti awonjezere zimene wolemba sanazione.

Jagari, yemwe anakhalapo mphunzitsi kenako n'kumakumba miyala ya mtengo wapatali, akuimbabe. WITCH inatulutsa chimbale china, Zango, mu 2023, ndipo anazungulira nacho maiko, kutsogolo kwake kuli ana a azungu a msinkhu wa adzukulu ake. Mnyamata wanga anawaonetsa agogo ake vidiyo pafoni. Anaonera mpaka kumapeto, n'kupukusa mutu. "Wakalamba mnzangayu. Koma mawondo akadali nawo." Atatero anandiuza kuti zimbalezo zizigona m'galimoto momwemo, zisalowe pabalaza, chifukwa Lachinayi kukubwera abusa.