Kufakitoraiza kapena fomula pa ma quadratic equation?

Samu ya mtundu wa ax² + bx + c = 0 ili ndi njira zingapo, koma zodziwika kwambiri ndi ziwiri: kufakitoraiza, ndi fomula ija ya x = (−b ± √(b² − 4ac)) / 2a.

Kufakitoraiza n'kwachangu manambala akakhala ofatsa. Pa x² − 5x + 6 = 0 mumangofuna manambala awiri oti mukawachulukitsa apereke 6, mukawaphatikiza apereke −5. Amenewo ndi −2 ndi −3, choncho x ndi 2 kapena 3. Basi.

Yesani tsono x² − 4x + 1 = 0. Mufufuza mpaka dzuwa kulowa, manambala athunthu otero kulibe. Fomula sisankha samu: apa a ndi 1, b ndi −4, c ndi 1, choncho b² − 4ac ndi 12, ndipo x = 2 ± √3. Chigawo cha b² − 4ac chimenechi chimakuuzaninso zakutsogolo. Chikakhala ziro yankho ndi limodzi lokha, chikatsika pansi pa ziro palibe yankho pa manambala enieni.

Pamene fomula imagwetsa anthu ndi pa zizindikiro. Ngati b ndi −4, ndiye kuti −b ndi 4, osati −4. Ine ndimayamba ndawerengera b² − 4ac. Ikatuluka nambala yomwe square root (√) yake ndi nambala yathunthu, ngati 1, 9 kapena 25 ndimafakitoraiza, apo ayi ndimapitiriza ndi fomula.