Madzi otentha m'boti: kutentha kwa injini kapena magetsi?

Mwini boti la injini ya dizilo angatenthetse madzi osamba m'njira ziwiri. Yoyamba ndi kulumikiza thanki ku madzi oziziritsa injini, kuti adutse m'paipi yopindapinda ya m'thankimo asanabwerere ku injini. Yachiwiri ndi chitsulo chotenthetsera cha magetsi.

Njira ya injini imadya ndalama pa mapaipi ndi mavalavu poyamba, koma pambuyo pake kutenthako n'kwaulere, chifukwa kukanangotayika. Njira ya magetsi njosavuta kuika, koma imafuna magetsi a padoko kapena jenereta, popeza mabatire amatha msanga.

Pa chitetezo ndiye pofunika kuganiza mofatsa. Madzi a injini amafika pafupifupi madigiri 80, kotero popanda valavu yosakaniza ndi madzi ozizira munthu akhoza kupsa. Komanso paipi ikaphulika, injini imataya madzi ake n'kutentha mopitirira muyeso, n'chifukwa chake ndi nzeru kuika mavalavu otsekera pomwe mapaipi akuchokera. Thanki ikakhala pamwamba kuposa injini, mpweya umatsekeredwa m'mapaipi pokhapokha pataikidwa kathanki kena pamalo okwera. Chitsulo cha magetsi chilibe mavuto a mapaipiwa, koma chimapsa chikayatsidwa thanki ilibe madzi.

Woyenda maulendo aatali apindula ndi injini. Amene boti lake limakhalitsa padoko asankhe magetsi, ngakhale kuti mathanki ambiri, monga a mtundu wa Isotemp, amabwera ndi zonse ziwiri.