Ulendo wotsanzikana wa ophunzira a ku Dedza: kunyanja, ku Mua kapena ku Chongoni?

Ophunzira a m'makoleji ang'onoang'ono a m'boma la Dedza, monga koleji ya zankhalango ndi nyama zakutchire ya ku Chongoni ndi koleji ya aphunzitsi ya St. Joseph's ku Bembeke, kawirikawiri amakhala ndi mwayi umodzi wokha wosonkha ndalama kuti ayende pamodzi ngati kalasi asanabalalike. Ndalamazo zimakhala zochepa, nthawi imapanikizika ndi mayeso otsiriza, ndipo pamsonkhano wokambirana za ulendowo mawu amene amamveka kwambiri ndi oti tiyeni kunyanja. Pali maulendo ena amene amayenera kumveka pamsonkhano umenewo, ndipo ndikufuna kuwayerekeza pa zinthu zimene wophunzira amaziwerengadi: ndalama, nthawi, mphamvu za m'miyendo, ndiponso ngati mwayi wake udzapezekanso munthu akadzatumizidwa kukagwira ntchito ku Chitipa kapena ku Nsanje.

Phiri la Dedza ndilichotseretu pa mpikisanowu, chifukwa silifuna msonkhamsonkha. Nsonga yake ili pa mamita 2,198 kuchokera pamene pali nyanja yamchere, koma poti tauni ya Dedza ili kale pamwamba, pafupifupi mamita 1,600, chitunda chotsalacho munthu wa miyendo yabwino amachimaliza m'mawa umodzi potsata msewu wopita ku nsanja za wailesi ndi mafoni. Kwerani mu Meyi kapena mu Juni, pamene mvula yatsuka kumwamba moti mapiri a ku Angonia, m'dziko la Mozambique, amaoneka bwinobwino. Mukadikira mpaka Seputembala kapena Okutobala, utsi wa moto wa m'tchire umaphimba zonse. Nyamulani juzi ndi madzi akumwa, ndipo pitani muli gulu.

Ulendo wa kunyanja sindikuupeputsa. Alipo ophunzira amene anakulira kumapiri ndipo sanaionepo nyanja ya Malawi ndi maso awo, ndipo kwa iwo tsiku limeneli ndi lalikulu. Njira yake nayonso imaphunzitsa: mukakhota pa Masasa n'kuyamba kutsika Khwekhwerere kulowera ku Golomoti, mumasiya minda ya kachewere ndi mphepo yozizira, ndipo posakhalitsa mumavula majuzi pakati pa mitengo ya malambe. Amene afika mpaka ku Cape Maclear amalowa m'dera lotetezedwa la Lake Malawi National Park, limene UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za maphunziro ndi chikhalidwe, inaliika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse m'chaka cha 1984 chifukwa cha nsomba zake, makamaka mbuna. Vuto ndi lakuti ulendowu ndi umene umadya ndalama zambiri kuposa ena onse. Gawo lalikulu la msonkhamsonkha limathera pa galimoto ndi mafuta, mukafuna kugona komweko ndiye kuti mtengo wakweranso, ndipo zotsatira zake n'zakuti anzanu amene fizi yokha inawavuta amatsala pasukulu tsiku limene linayenera kukhala la kalasi yonse. Palinso nkhawa imene atsogoleri a ophunzira sayenera kuizemba: ambiri a ife a kumtunda sitidziwa kusambira, mphepo ya mwera imawinduka m'miyezi yozizira, ndipo m'malo ena a m'mphepete mwa nyanja muli likodzo. Koposa zonse, ulendo wa kunyanja udzabweranso. Mipingo, makwaya, maofesi ndi mabanja amapita kunyanja chaka ndi chaka, ndipo munthu wa pantchito sasowa womuperekeza kumeneko.

Mpikisano weniweni, mwa kuona kwanga, uli pakati pa Chongoni ndi Mua, ndipo ndi wovuta kuugamula chifukwa malo awiriwa amakamba nkhani imodzi m'njira zosiyana kwambiri.

Dera la zojambula za pamiyala la Chongoni linalowa pa mndandanda wa UNESCO m'chaka cha 2006. Muli malo 127 okhala ndi zojambula, omwazikana m'mapanga ndi pansi pa matanthwe m'dera la masikweya kilomita pafupifupi 126, koma amene alendo amafikako kawirikawiri ndi atatu: Chentcherere, Namzeze ndi Mphunzi. Zojambulazo ndi za mitundu iwiri. Zofiira, zimene zambiri ndi mizere, timadontho ndi zozungulira, ndizo zakale kwambiri, ndipo zinajambulidwa ndi Akafula, anthu osaka nyama ndi kutola zipatso amene ankakhala kuno alimi asanachuluke. Zoyera zinajambulidwa ndi dothi loyera ndi makolo a Achewa, ndipo zina mwa izo ndi za m'zaka za m'ma 1900 momwemu. Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti zambiri mwa zoyerazi ndi ntchito ya amayi. Zithunzi zooneka ngati nyama yotambasula miyendo, yoonedwa kuchokera pamwamba, zinkagwiritsidwa ntchito ndi anamkungwi polangiza atsikana pachinamwali, kotero kuti wophunzira wa uphunzitsi akaima pa Chentcherere amakhala waima pamalo pamene amayi ankaphunzitsira kalekale, kusanabwere bolodi ndi choko. Ku Namzeze kuli zojambula zokhudza Nyau, ndipo akatswiri amazigwirizanitsa ndi nthawi imene gule ankapanikizidwa ndi Angoni, amishoni ndi boma la atsamunda, pamene anthu ankabisa zinthu zawo m'mapanga. Ku Mphunzi, kumadzulo kwa msewu wa M1, zofiira ndi zoyera zimaoneka moyandikana, ndipo munthu amatha kusiyanitsa yekha manja a mitundu iwiri ya anthu pa phiri limodzi.

Ku Mua zinthu ndi zina. Mishoni imeneyi inakhazikitsidwa ndi ansembe a Katolika a chipani cha White Fathers m'chaka cha 1902, m'tsinde mwa mapiri, kufupi ndi Mtakataka, ndipo kuchokera ku Dedza mumatsika Khwekhwerere yemweyo n'kukhotera kumpoto pa Golomoti, mu msewu wa M5 wopita ku Salima. M'chaka cha 1976 Bambo Claude Boucher, wansembe wochokera ku Canada amene anthu anamupatsa mfunda wa Chisale, anayambitsa pamalopa likulu la zachikhalidwe ndi luso la Kungoni. Mkati mwake muli nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Chamare, ya zipinda zitatu, yofotokoza mbiri ya mishoni ndiponso moyo wa Achewa, Angoni ndi Ayao kuyambira pa kubadwa, chinamwali, ukwati, ufumu mpaka maliro. Chipinda cha Gule Wamkulu, amene UNESCO inamuzindikira m'chaka cha 2005, chili ndi nkhope za zilombo mazanamazana, chilichonse ndi dzina lake ndi mwambo umene chimaphunzitsa. Panja pali amisiri osema ziboliboli amene mungathe kuwaonerera ali pantchito, ndipo mtsinje wa Nadzipokwe ukuyenda cha pomwepo.

Tikaika malo awiriwa pamodzi, kusiyana koyamba ndi kwa wofotokoza. Ku Mua zonse zinakonzedwa kuti mlendo amvetse: pali wokuyendetsani, pali zolembedwa pakhoma, ndipo ngakhale wophunzira amene anabwera kudzangocheza amatuluka atatolapo kanthu. Ku Chongoni thanthwe silifotokoza kanthu palokha. Kupitako opanda munthu wodziwa kuli ngati kufika pabwalo mlandu utagamulidwa kale, anthu mukuwaona koma chimene chinawasonkhanitsa simukuchidziwa. Gulu lotere limayang'ana mizere yofiira kwa mphindi zochepa, kujambulitsa pafoni, n'kumabwerera likudandaula kuti layenda mtunda wautali pachabe. Choncho ulendo wa ku Chongoni umafuna kukonzekera kumene wa ku Mua sufuna: kupeza woperekeza wa m'deralo kudzera kwa oyang'anira malowa kapena kwa amfumu, ndiponso kupempha mphunzitsi wa mbiri yakale kapena wa zachikhalidwe kuti akambe ndi kalasi tsiku la ulendo lisanafike.

Kusiyana kwachiwiri ndi kwa ndalama ndi thukuta, ndipo apa zinthu zimatembenuka. Ku Mua simungapite wapansi kuchokera ku Dedza; pamafunika minibasi ya tsiku lonse ndi ndalama yolowera, ngakhale kuti zonsezi sizifika pa mtengo wa kunyanja chifukwa mumabwerako tsiku lomwelo. Ku Chentcherere ophunzira a koleji ya zankhalango ali pafupi kwambiri moti sayenera n'komwe kudikira ulendo wa kalasi, ndipo ochokera ku Bembeke kapena m'tauni angathe kuphatikiza minibasi ndi kabaza, kotsalako n'kuyenda. Ku Namzeze ndiko kumafuna miyendo ndi mtima, chifukwa njira yake ndi yokwera, ndipo nthawi ya dzinja misewu yafumbi ya m'derali imaterera. Kalasi imene ili ndi anzathu olumala, oyembekezera kapena odwaladwala iyenera kuliganizira bwino limeneli, pakuti ku Mua aliyense amafika pakhomo pa galimoto, pamene ku mapanga ena angatsale m'munsi.

Pali nkhani ina imene siyenera kubisidwa. M'kalasi imodzi mumakhala olowa gule, ana a abusa ndi a mashehe, ndi ena amene kwawo za chinamwali sizikambidwa pagulu. Ena mwa olowa samasuka kuona nkhope za zilombo zitaikidwa poyera pamene aliyense angaziyang'ane, ndipo ena a mipingo amaopa kulowa m'chipindamo. Ku Chongoni nakonso woperekeza wanzeru sanena zonse, chifukwa matanthauzo ena ndi a kutsimba ndi kudambwe, ndipo mlendo amene akukakamira kufunsa amangoonetsa kusaleredwa. Ine ndimaona kuti zimenezi si chifukwa chothawira maulendowa. Mphunzitsi kapena mlangizi wa zankhalango adzatumizidwa kumudzi kumene gule amatuluka, kumene ana amajomba kusukulu nthawi ya chinamwali, ndiponso kumene nkhalango yokhayo yotsala ndi ya kumanda, imene palibe amene angaidule mwachisawawa. Ndi bwino kuti zinthu zimenezi akumane nazo koyamba ali ndi anzake ndi aphunzitsi ake, pamalo pamene angathe kufunsa mwaulemu, kusiyana n'kudzakumana nazo ali yekha pamaso pa makolo ndi mafumu.

Mwambo wa Umhlangano wa Angoni a kwa Maseko ukanakhala pamwamba pa onsewa ukanakhala kuti umachitika nthawi iliyonse. Umachitikira kwa Nkolimbo m'boma la Ntcheu, motsogozedwa ndi Inkosi ya Makosi Gomani V, pamalo pamene pali manda a Gomani Chikuse, amene anaphedwa ndi atsamunda a ku Britain m'chaka cha 1896. Kumeneko chikhalidwe sichili pakhoma kapena pathanthwe: ngoma imavinidwa pamaso panu, amuna atanyamula zishango ndi nthungo, ndipo pobwerera mungaime pa Lizulu, pamsika umene uli m'malire enieni a Malawi ndi Mozambique, n'kugula kachewere ndi kabichi zokadyera kusukulu. Koma mwambowu umabwera kamodzi pachaka, cha kumapeto kwa Ogasiti kapena kumayambiriro kwa Seputembala, ndipo masiku amenewo angathe kugwera pa tchuthi, kalasi itabalalika. Anthu amachulukanso kwambiri moti gulu lalikulu limasokonekerana. Ndi ulendo wa anzanu atatu kapena anayi amene mwagwirizana, osati wa msonkhamsonkha wa kalasi.

Ndikafunsidwa kuti ndalama za kalasi zipite kuti, yankho langa ndi ku Mua, chifukwa ndi kokhako kumene aliyense angafike, aliyense angamvetse, ndipo mtengo wake sungasiye anzathu ambiri m'mbuyo. Koma ndikafunsidwa kuti ndi malo ati amene wophunzira wa ku Dedza sayenera kuchoka asanawaone, yankho ndi Chongoni, ndipo pamenepa sindikayika. Mua ili pafupi ndi msewu waukulu, ndipo tsiku lina mudzapatukirako popita ku Salima kapena ku Mangochi. Ku mapanga sikupatukidwa choncho. Kumafuna Loweruka lathunthu, anzanu oyenda nawo ndi kukhala pafupi, zinthu zitatu zimene munthu amakhala nazo ali pasukulu n'kuzitaya akangolandira satifiketi. Ndiponso zojambulazo sizikudikira: mvula ndi dzuwa zikuzifufuta pang'onopang'ono, utsi wa moto woyatsidwa m'mapanga umazidetsa, ndipo pena anthu analembapo maina awo ndi makala pamwamba pa ntchito ya makolo. Zimandipweteka kuganiza kuti ena mwa olemba mainawo anali ana asukulu.

Ngati nthawi ilola maulendo onse awiri, yambani ndi Mua, kuti pofika ku Namzeze maso anu akhale atazolowera kale maonekedwe a kasiyamaliro ndi zilombo zina, ndipo muthe kuzizindikira pathanthwe. Pitani ku mapanga pakati pa Meyi ndi Ogasiti, misewu itauma koma dzuwa lisanayambe kuswa mtengo, ndipo gawanani m'magulu ang'onoang'ono chifukwa pansi pa thanthwe sipakwana anthu ambiri nthawi imodzi. Ndalama ya woperekeza muiike pa bajeti kuyambira pachiyambi, osati kumusonkhera zotsala m'matumba pomaliza. Mukafika, musakhudze zojambulazo ndi manja, musazithire madzi pofuna kuti zioneke bwino pa chithunzi, ndipo musasonkhe moto wootchera chimanga kapena mbatata pafupi ndi phanga.