Chidishi cha ku Hartebeesthoek: pitani, koma galimoto mupeziretu

Kwa makolo a kuno ku Joni amene ana awo akutuluka thukuta ndi physics, malo oyenera kuwaonetsa ndi HartRAO, malo ofufuzira zakuthambo pomvera mafunde a wailesi, m'chigwa cha Hartebeesthoek kupitirira Krugersdorp. Pa galimoto ndi ulendo wa pafupifupi ola. Taxi siikusiyani pageti, choncho mabanja awiri atatu asonkherane za mafuta. Musangotulukira ngati mukupita kwa achimwene: pamafunika kupangana kaye ndi a SARAO, bungwe la South Africa la kafukufuku wotereyu, omwe amayang'anira malowo.

Chokopa ndi chidishi cha mamita 26, moti ya DStv mungaiyese mbale ya ndiwo. Anachimanga ndi a NASA mu 1961 kuti azilondola zombo zawo, ndipo mu 1965 zithunzi zoyamba za Mars zochokera ku chombo cha Mariner 4 zinatsikira pomwepa. Kenaka ndale zinalowerera. Aphungu ku America anayamba kufunsa chifukwa chogwirira ntchito ndi boma la tsankho, ndipo pofika 1975 a NASA anali atanyamuka, chidishi chitatsala m'manja mwa CSIR, bungwe la boma la South Africa lofufuza za sayansi. Eni dziko anachisandutsa chomvera mafunde a wailesi ochokera kuthambo.

Wokuonetsani malo mumufunse za VLBI, njira yolumikizira madishi otalikirana kuti azigwira ntchito ngati dishi imodzi yaikulu, chifukwa phindu la ulendowu lili pamenepo. Dishi imodzi payokha siona zinthu zing'onozing'ono. Choncho imalozetsedwa pa quasar (chinthu chowala kwambiri chakutali zedi kuthambo) imodzimodzi, nthawi imodzimodzi, ndi madishi a ku Ulaya. Iliyonse imadinda nthawi pa zomwe yamva pogwiritsa wotchi yolondola kwambiri yotchedwa hydrogen maser, kenaka zonse zimakaphatikizidwa pa kompyuta ku Dwingeloo, ku Netherlands. Madishi akatalikirana kwambiri m'pamene chithunzi chimaonetsa bwino zinthu zing'onozing'ono, n'chifukwa chake azungu aja sangaitaye Hartebeesthoek, poti ili kutali kum'mwera. Bearing yaikulu, chitsulo chimene chidishi chimazungulirapo, itathyoka mu 2008, chidishi chinangokhala chilili mpaka 2010, anzawo akunja n'kumamva kuperewera kwake. Lero pabwalo lomwelo pali laser ya NASA yoyezera mtunda wa ma satellite, pambali pake ina ya a ku Russia.

Mafoni muzimitsiretu, osati kungotsitsa mawu. Mafunde a foni ya m'thumba amaposa kutalitali kamphekesera kochokera ku nyenyezi, ndipo malowa anawaika m'chigwa dala kuti mapiri azitchinga phokoso la mzinda.

Chokhumudwitsa chilipo. Pachidishi palibe posuzumira ndi diso, zotsatira zake ndi manambala ndi mizere pa sikirini, ndiye tiana ta ku pulayimale timatopa msanga. Amenewo apite ku Sci-Bono, malo oonetsera ana za sayansi ku Newtown. Mu June mphepo ya m'chigwamo imalasa, majuzi asatsale.

Pamalopa palinso dishi ina ya mamita 15, yomwe inali yoyeserera pokonzekera MeerKAT, madishi 64 a ku Carnarvon omwe anatsegulidwa mu 2018. Mwa mayiko asanu ndi atatu a mu Africa othandizana ndi South Africa pa SKA, ntchito ya mayiko ambiri yomanga telesikopu yaikulu zedi ya mafunde a wailesi, muli Zambia ndi Mozambique, koma Malawi mulibe. Mwana akafunsa chifukwa chake pobwerera, yankho mukhale mutakonza.