Switch ya relay ndi CD4013 m'mapedal a gitala: zomwe zaoneka patatha miyezi

Mapedal omwe tinawachotsa switch ya 3PDT (switch wamba yoponda ndi phazi poyatsa ndi kuzimitsa effect) n'kuikamo relay (switch yokokedwa ndi koyilo ya magetsi) agwira ntchito kuyambira dzinja la mvula mpaka kudutsa nyengo yozizira ya kuno ku Johannesburg, m'matchalitchi a ku Rosettenville ndi Turffontein komanso m'maukwati. CD4013 yokhayo, chip ya flip-flop yomwe imakumbukira ngati effect ili yoyaka kapena yozima, sinapsepo. Zovuta zonse zachokera ku tizipangizo toizungulira.

Kwa omwe sanaone kamangidwe kake: phazi limaponda switch yofewa yobwerera yokha. Resistor ya 100k imakokera mzere wa switchyo ku magetsi, capacitor ya 100nF imapita ku ground, ndipo geti imodzi ya chip ina, CD40106, imasalaza chizindikirocho chisanafike pa pini 3 ya CD4013. Pini 5 imalumikizidwa ku pini 2, choncho kuponda kulikonse kumatembenuza pini 1. Piniyo imayendetsa transistor ya BC547 kudzera pa 4.7k, transistor n'kukoka relay ya 5V ngati Panasonic TQ2-5V, yokhala ndi diode ya 1N4148 pa koyilo.

Vuto loyamba kutuluka ndi kuyaka n'kuzimanso pa kuponda kumodzi. Switch ikakhala yatsopano, 100k ndi 100nF, zomwe zimapereka pafupifupi 10ms, zimakwanira. Fumbi la mu Ogasiti likalowa, zitsulo zamkati zimanjenjemera nthawi yotalikirapo, ndiye chip imawerenga kawiri. Ikani 220nF basi. Anthu ena amathamangira 1µF, koma woimba amene amaponda mofulumira pa kolasi amadandaula kuti kuponda kwachiwiri sikukumveka.

Nkhani yaikulu kuno ndi magetsi. Ikafika load shedding (kuthimitsa magetsi mosinthana madera) tchalitchi n'kusinthira ku jenereta kapena inverter, magetsi amaphethira kanthawi kochepa kwambiri. Reset wamba (wobwezera chip pa ziro magetsi akayaka), wa capacitor yochokera ku magetsi kupita pa pini 4, sagwira bwino pamenepa, chifukwa capacitoryo imakhala isanakhuthuke, ndipo adaputala yotchipa imakwera pang'onopang'ono. Zotsatira zake, distortion imatha kudzuka yoyaka pakati pa nyimbo yachifatse. Njira yomwe yapirira ndi kugwiritsa ntchito geti ina ya CD40106 yomwe ikungokhala: 100k kuchokera ku magetsi, 1µF kupita ku ground, zotuluka pa getiyo zipite pa pini 4. Pa 100k ija onjezerani 1N4148, mbali ya mzere iloze ku magetsi, kuti capacitor izikhuthuka msanga magetsi akangothima.

Apa mpamene relay wamba imaposa ya latching. Yawamba ija magetsi akachoka imabwerera yokha ku bypass (mawu kudutsa osalowa mu effect), gitala n'kumamvekabe ngati amplifier ili ndi magetsi ake. Ya latching imatsalira pomwe inali. Ngati inali pa effect, mawu amafa, ndipo magetsi akabwera flip-flop imayamba pa ziro relay ikadali kwina: LED yazima koma effect ikulira. Pokhapokha mutaipangira pulse yoibweza poyatsa, isiyeni. Kuipa kwa relay wamba ndi koti koyilo ya TQ2-5V ndi ya 178Ω, imadya pafupifupi 28mA nthawi yonse effect ili yoyaka, kuposa overdrive yeniyeniyo. Za batire ya 9V iwalani, gwiritsani ntchito adaputala ndi 78L05 yotsitsa magetsi kufika pa 5V.

Mu Juni ndi Julayi mpweya wa ku Joni umauma kwambiri, moti munthu akayenda pa kapeti amathetheka akagwira chitsulo. Pedal ina imatembenuka yokha nsapato ikangoyandikira. Chimachititsa kawirikawiri ndi penti yomwe ili pansi pa nati ya switch, imene imalekanitsa switch ndi bokosi. Palani pentiyo mpaka aluminiyamu aoneke, ikani 10k pakati pa capacitor ndi geti, ndipo musasiye miyendo yolowera ili lende. Pa CD4013, mapini 6, 8, 9, 10 ndi 11 apite ku ground, chimodzimodzinso zolowera za CD40106 zosagwiritsidwa ntchito. Chip iliyonse ikhale ndi 100nF yake pakati pa pini 14 ndi 7, pafupi penipeni.

Nanga kaphokoso ka "thu" posintha? Relay sikachotsa. Ngati kalipo, yezani DC pa waya wotuluka ku effect. Capacitor ya electrolytic ikakalamba imadontha, ndiye isintheni, muikenso 1M kupita ku ground polowera ndi potulukira. Kakamveka ngakhale gitala itatsekedwa voliyumu ndipo DC palibe, ndiye kuti ground ya koyilo ndi LED ikuyenda waya umodzi ndi ground ya mawu. Ipatseni waya wakewake mpaka pa jeki ya magetsi.

Chip yosinthira mawu ya CD4053 m'malo mwa relay ndi yotchipa ndipo silira, koma imafuna bias ya 4.5V ndi macapacitor mbali zonse, ndipo mawu akapyola malire a magetsi ake imawadula nsonga. Ndi pickup ya active kapena booster patsogolo pake, zimenezi zimamveka. Pa pedal ya chorus kapena delay yokhala kale ndi buffer, ndiyokwanira.